Lilime la Amake Given

Ku Mtendere munthu amatchuka ndi chilichonse. Wina amatchuka ndi ndewu, wina ndi mapemphero, wina ndi kusabweza wilibala ya eni ake. Amake Given anatchuka ndi kulawa. Dzina lawo lenileni linali Christine Njobvu, koma limenelo ankalidziwa a kukiliniki okha, ndipo nawonso akaliitana kawiri osayankhidwa ankangofuula kuti Amake Given.

Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mtsikana, zaka zija anthu ankalawirira kukafola mzere wa ufa. Kwawo ankadziwa thobwa, munkoyo anaupeza kuno. Anawaphunzitsa ndi mayi wina wa Chilamba wa nyumba yoyandikana nayo, amene anawaonetsa kusinja mizu, kuiviika m'phala likafunda, kusefa, kenako kudikira kuti chakumwacho chipse chokha. Mayiyo atamwalira, Amake Given anayamba kuuza anthu kuti luso limeneli anabadwa nalo, poti woti awatsutse anali atagona kumanda a ku Chingwere.

Ankagulitsa munkoyo m'mabotolo pafupi ndi msika, koma imeneyo inali ntchito yodyera chabe. Ntchito imene inawapatsa dzina inali ina. Pakakhala ukwati, maliro kapena chikondwerero cha azimayi a chigwirizano, mphika sunkaphulidwa iwo asanafike. Ankabwera ndi supuni yawoyawo, yomangidwa pa nsonga ya chitenje. Ankatapa pang'ono, n'kutseka maso, azimayi onse ali duu ngati pali woyembekezera akubereka m'nyumba. Akatsegula maso ankanena liwu limodzi. Mwina "Mchere." Mwina "Moto." Tsiku loipa ankati "Tayani," ndipo mwini mphikawo ankadwala mutu sabata yonse. Mayi wina amene anayesa kuwayankha kuti chikanda chake, ndiwo ija ya timizu tosinja ndi nsinjiro, chinali bwinobwino anasamukira ku Kalikiliki chaka chomwecho. Anthu amati anasamuka chifukwa cha lendi, koma amene analipo tsikulo amadziwa.

Amuna awo, a Abraham, ankagwira ntchito ya m'dimba ku mayadi a ku Kabulonga. Anali munthu wa mawu ochepa, osati mwachibadwa, koma chifukwa pa zaka zonse za banja lawo sanapatsidwepo mpata womaliza chiganizo. Ankayamba bwinobwino, "Amake Given, nenze kuganiza kuti," ndipo chotsalacho ankamalizira mkazi wawo, nthawi zambiri mosiyana ndi mmene iwo ankaganizira. A Abraham anazolowera. Maganizo awo ankauza maluwa a abwana.

Ndiye kunabwera matenda a shuga. Anesi anawauza Amake Given kuti shuga asiye, tiyi azimwa wopanda kanthu, munkoyo wotsekemera azingouona ndi maso. Anabwerera kunyumba akulalatira anesiwo njira yonse, koma mumtima anachita mantha, chifukwa anali ataona anzawo akudulidwa miyendo. Anasiyadi. Tiyi wa m'mawa ankafinyiramo ndimu kuti amveke kanthu, n'kumamwa nkhope ili yamaliro.

A Abraham anawamvera chisoni. Kumene ankagwira ntchito, madamu anali wa ku Ghana, ndipo pakhonde pake panali kamtengo ka mumphika kamene anabwera nako kuchokera kwawo. Kamtengoko kanali kamatama. Madzi a pampopi sikankawafuna, moti a Abraham ankakasungira a mvula m'madilamu. Kankabala tizipatso tofiira, tokula ngati mtedza wosenda, tanthanga imodzi m'kati. Pachokha chipatsocho sichikoma kanthu. Koma munthu akachitafuna n'kuchizunguza palilime, chowawasa chilichonse chimene angadye pambuyo pake chimatsekemera. Ndimu amasanduka ngati lalanje lothira uchi, bwemba ngati switi, mkaka wosasa ngati wothira shuga. Zimatero kwa kanthawi, mwina ola, kenako lilime limabwerera mwakale. Madamuyo ankasangalatsa nato alendo, n'kumawadyetsa mandimu ndi mango osapsa iwo akuseka. Atamva za matenda a mkazi wa wantchito wake, anathyola todzaza kabotolo n'kufotokoza zonse bwinobwino.

"Amake Given," anatero a Abraham madzulo ake, "madamu bakupasani utu. Ati ni twa bantu ba shuga. Ati mukadya kamozi, ndiye mukamwa..."

"Niziba mankhwala ine," anawadula. "Mufuna kuniphunzisa kudya? Letani."

A Abraham anapereka kabotolo n'kupita kukanola chikwakwa.

Kuyambira pamenepo Amake Given ankatafuna kamodzi m'mawa uliwonse, limodzi ndi mapiritsi a kukiliniki, akuyesa kuti ndi mankhwala otsitsa shuga. Kenako ankamwa tiyi wawo wandimu. Tsiku loyamba anayang'ana m'kapu, n'kukafunsa m'nyumba monse kuti wathira shuga ndani. Panalibe. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Masau ogula pamsewu, mabisi ogona (mkaka wosasa uja), zonse m'mawa zinkakoma modabwitsa. Munthu wina akanakayikira chipatsocho. Amake Given anakayikira kumwamba. Lamlungu anaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni kuti anesi anawalanda shuga koma Mulungu wawaikira wina m'kamwa momwemo. Mpingo unaomba m'manja, abusa analalikirapo, ndipo a Abraham, ku benchi la madoda, anayang'anitsitsa nsapato zawo mpaka nyimbo yotsekera.

Nthawi imeneyo ndi imene kunali kukonzekera chilanga mulilo cha Towela. Towela anali mwana wa malemu mlongo wa Amake Given, ndipo anamulera okha kuyambira ali wa sukulu mpaka anayamba kuluka tsitsi mu saluni ku Kalingalinga. Anapeza mnyamata wa ku Matero dzina lake Kasoma, wokonza mafoni m'tauni. Chilanga mulilo ndi tsiku limene akuchikazi amanyamula zakudya za mtundu uliwonse kupita nazo kwa mkamwini, kukamuonetsa zimene azidya m'banja. Mwambowu ndi wa Abemba, koma ku Lusaka aliyense amalumbira kuti agogo ake ankachita. Amake Given anali atalawira ana a eni ake zaka zonsezi. Tsopano inali nthawi ya wawo, ndipo anafuna kuti ku Matero akatsale akunena za munkoyo wawo mpaka mwana woyamba adzayende.

Anaphika dilamu lathunthu la buluu, anasefa okha, n'kuliika m'kachipinda ka malata. Ndiye ku Matero kunagwa maliro a pafupi, akuchimuna n'kupempha kuti tsiku lisunthidwe pang'ono. Nkhuku zinali zisanaphedwe, nsomba zinali zouma, zonsezo zikanadikira. Koma munkoyo sudziwa za maliro. Unali mwezi wa Okutobala, malata akutentha moti mphaka sankakwera padenga, ndipo m'dilamumo zinthu zinapitiriza kugwira ntchito usana ndi usiku.

M'mawa wa tsikulo bwalo linadzaza azimayi, mbaula zili ponseponse. Belinda, mnzawo wa nyumba yoyang'anizana amene ankawathandiza pa maphwando onse, anawayandikira chonyang'ama.

"Amake Given, uja munkoyo siunapitilile? Wagona maningi na kupya uku. Olo tigule chabe ma dilinki?"

"Iwe Belinda, munkoyo ni wako olo ni wanga?"

"Ni wanu."

"Manje nkhala zii. Lilime izakamba."

Chifukwa linali tsiku lalikulu ndipo sanafune kuti shuga awagwetse pakati pa anthu, m'mawa umenewo anatafuna tizipatso tiwiri. Anapukuta pakamwa, n'kumasula supuni pa chitenje, n'kutsegula dilamu. Fungo limene linatuluka linabweza m'mbuyo azimayi amene anali pakhomo. Mphuno ya Amake Given inawachenjeza ndithu, tisainamizire. Koma iwo sanayambe amverapo mphuno. Ankati mphuno ndi ya agalu ndi apolisi.

Anatapa, anatseka maso, analawa. Chimene anamva chinali chinthu chimene sanaphikepo chibadwire. Chinali chotsekemera mpaka kukhosi, chokhala ndi kaukali pang'ono kumapeto, chokoma moti misozi inalengeza. Anasiya supuni n'kutunga ndi kapu.

"Musaikemo shuga olo kasupuni kamozi," anatero. "Uyu wazipanga weka. Belinda, bwela umvele vamene wenze kufuna kutaya."

Belinda analandira kapu ndi manja awiri n'kumwa. Nsagwada zinauma, mitsempha ya m'khosi inatuluka, diso limodzi linatsinzina lokha. Anameza.

"Uli bwanji?"

"Mm," anatero Belinda. "Uli bwino maningi."

Kapu inazungulira azimayi onse. Aliyense anamwa, anameza, nati uli bwino maningi. Mmodzi anapita kuseri kwa bafa kukatsokomola. Amake Given anaona kuti anzawo achepetsa nkhani ndipo anadziwa chifukwa chake. Inali nsanje, ndipo anawakhululukira.

Ananyamuka dzuwa litakwera, pa lole yaing'ono yobwereka, miphika yokulungidwa m'zitenje, ng'oma zikulira, dilamu lili pakati padzuwa. Anadutsa m'tauni pa mzere wa magalimoto woyenda ngati wopita kumanda, chivindikiro cha dilamu chikudzitukula chokha n'kumapuma. Pofika ku Matero n'kuti dzuwa litapendeka. Anaimba pageti mpaka anawatsegulira, analowa chogwada, miphika anaindandalika pamphasa patsogolo pa mkamwini ndi anzake.

Wolandira alendo anali bana Chisala, azakhali ake a Kasoma, mayi wa ku Kasama wa thupi lake ndi mawu ake. Paja Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi pachimbuya: amanyozana pamaliro, paukwati, paliponse, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Bana Chisala sanadikire n'komwe kuti alendo akhale bwino.

"Imwe ba Chipata, mbeba mwabisa mu poto iti? Mutiuze kudala, tisapeze muchila pakamwa."

"Osayopa," anayankha Amake Given. "Tenze kufuna kukuletelani kolwe, uja nyani wanu, manje tinasakila Lusaka yonse, ati munasiliza imwe."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Miphika inayamba kutsegulidwa umodzi umodzi, Amake Given akufotokozera mkamwini chilichonse, ndipo bana Chisala sanasiye mphika ndi umodzi womwe osaulasa. Nkhuku anaifunsa ngati inaphedwa kapena inafa yokha ndi njala. Chikanda anati n'chopyapyala ngati sopo wotsala kubafa. Ndiwo zotendera anati nsinjiro zake anazionetsa patali. Ankanyoza uku akudya, mafuta akutsikira m'chigongono, ndipo Amake Given ankabweza chilichonse mtima uli mbee, chifukwa ankadziwa kuti m'buya akanyoza ndiye kuti chamukomera.

Pomaliza linafika dilamu. Amake Given anatunga okha, anagwada, n'kupereka kapu kwa mkamwini. Kasoma anali mnyamata waulemu, ndipo anali atalangizidwa kuti cholandira kwa apongozi sachisiya. Anamwa kamodzi n'kuima. Anayang'ana anzake, anzakewo n'kumamulimbikitsa ndi manja. Anatseka maso n'kugugudiza yonse, misozi ikutsika masaya onse awiri.

"Balila na chimwemwe!" anafuula mayi wina wa ku Mtendere, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Kapu yachiwiri inapita kwa bana Chisala. Amake Given anakonza chitenje, yankho lili kale kunsonga kwa lilime, kudikira kuti amve kuti munkoyo wa a kum'mawa ndi madzi otsukira mbale. Bana Chisala anamwa.  Kenako anaika kapu pansi mosamala ndi manja awiri, anawomba m'manja mofatsa, nati ndi mawu a m'tchalitchi:

"Mwabombeni, mayo. Mwasebenza maningi."

Basi. Panalibe mbewa, panalibe sopo. Amake Given anadikira, koma mayiyo anali atayamba kukonza duku lake. Apa m'pamene Amake Given anayamba kukayikira. Chibwerere ku Lusaka anali asanaonepo Mbemba akuchitira ulemu munthu wa ku Katete popanda chifukwa.

Makapu anazungulira. Aliyense ankamwa, n'kukhosomola pang'ono, n'kunena kuti uli ndi mphamvu. Ana atapempha anauzidwa kuti ndi wa akuluakulu. Amene anasangalala moona anali amalume ena a Kasoma, dikoni amene anasiya mowa pamaso pa mpingo zaka zapitazo. Iwowa anamwa kapu yoyamba, nkhope inawala ngati akumana ndi mnzawo wakalekale, n'kusendeza mpando wawo kufupi ndi dilamu.

Kenako bana Chisala anatunga kapu yodzaza n'kubwera nayo.

"Na imwe mumweko, bene ba nchito. Simungaphikile banzanu chabe."

Amake Given analandira. Tizipatso ta m'mawa tija tinali titatha ntchito kalekale. Anamwa monyadira, kukamwa kodzaza, ndipo dziko linaima. Unali viniga weniweni, wa pa tchipisi uja, wowira, woluma, wonunkha mowa wolephera. Mano anayayamira, makutu analira. Chakumwa chimenechi akanachipeza kwa munthu wina sakanati n'komwe "Tayani," akanangonyamula supuni yawo n'kubwerera kunyumba.

Ali nacho m'kamwa anayang'ana bwalo. Nkhope zonse zinali kwa iwo, zonse zikumwetulira. Kasoma ankamwetulira maso ali psuu. Bana Chisala ankamwetulira mwachifundo, chimene chinapweteka kuposa chipongwe chilichonse. Belinda yekha ndiye ankayang'ana nyerere pansi. Anthu onsewa anali atamwa chinthu chimenechi, kuyambira m'mawa ku Mtendere mpaka pano, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwinya nkhope iwo akuona. Manyazi anawagwira. Anaganiza za Towela, amene anatsala kunyumba akudikira kumva kuti zayenda bwanji. Akalavula, nkhani ikakhala ya mwanayo moyo wake wonse. Anameza. Anamwanso, mpaka kapu inatha.

"Ni mwamene timapangila kwathu," anatero.

Ng'oma zinalira, azimayi anavina, dikoni anagwetsa mpando.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Towela anawathamangira pageti ndipo anamuuza kuti zonse zayenda bwino, apongozi ake ndi anthu aulemu kwambiri. Kenako anazungulira kuseri, kumene a Abraham ankathirira kadimba kawo ka repu, n'kukhala pa njerwa pafupi nawo.

"Atate ake Given, tuja tuzipaso. Madamu benze bakamba chani?"

A Abraham anayamba, "Benze bakamba ati mukadya kamozi," n'kuima pamene ankaimira nthawi zonse, kudikira kuti awadule. Sanadulidwe. Anayang'ana mkazi wawo modabwa, anaika chitini pansi, n'kupitiriza pang'onopang'ono ngati munthu woyenda m'nyumba yachilendo. Anafotokoza za mandimu, za alendo a madamu, za ola limodzi lija. Chinali chiganizo chachitali kuposa zonse zimene ananenapo m'banjamo, ndipo atamaliza anachita kupuma.

"Nanga pamene ninaimilila mu chechi, simunakambe bwanji?"

"Mwenze mwaimilila kudala."

Amake Given sanakalipe, ndipo zimenezi zinawaopsa a Abraham kuposa kukalipa. Za chipatsocho sizinawapweteke kwenikweni. Chipatso chinabwera dzulodzulo, ndipo kuchisiya kunali kosavuta. Chimene chinawakhala pamtima chinali nkhope ya Belinda m'mawa uja, nsagwada zouma, diso lotsinzina, ndi mawu aja oti uli bwino maningi. Nkhope imeneyo sinali yachilendo. Anali ataionapo pa ukwati wina ku Chawama, pa maliro ena ku George, pa anthu ambirimbiri, kalekale madamu wa ku Ghana asanabwere n'komwe m'dziko muno. Nthawi zonsezo ankaiyesa nkhope ya munthu amene chakudya chamufika pamtima.

"Nifunseko," anatero motsitsa mawu. "Munkoyo wanga, zaka zonse izi, wenze bwanji? Mukambe chabe zoona."

A Abraham anali munthu wosanama. Anaganiza nthawi yaitali, akuyang'ana madzi akulowa m'nthaka.

"Kulibe anadandaulapo," anatero.

Sabata isanathe mbiri inali itazungulira Mtendere yense kuti ku Matero mkamwini analira ndi munkoyo wa Amake Given, ndipo dikoni anachita kunyamulidwa. Azimayi awiri anabwera kudzapempha kuti adzawaphikire womwewo pa maukwati a ana awo. Amake Given anawayankha kuti aganiza kaye.

Tizipatso totsala anataya kudzala. Anadikira masiku angapo kuti m'kamwa muyere, kenako anaphika munkoyo wa kamphika kakang'ono, okha, chitseko chili chotseka. Anasinja mizu mosamala monga anawaphunzitsira mayi wa Chilamba uja, anasefa, anadikira. Utapsa analawa. Kwa iwo unamveka bwino. Analawanso, ndipo unamvekabe bwino, koma mantha sanachoke. Anatunga kapu n'kutuluka nayo pakhomo.

Unali m'mawa, msewu uli wodzaza. Belinda ankasesa pakhomo pake ndipo anawagwadira patali. Anadutsa azimayi a chigwirizano, anadutsa ogulitsa makala, anadutsa atsikana amene iwo anawalawira miphika ya maukwati awo, aliyense akupereka moni ndi manja awiri. Aliyense wa iwo akanaitanidwa akanabwera mothamanga, akanamwa, akanayamikira. Amake Given anaima pamenepo kapu ili m'manja mpaka ntchentche inateramo, akusakasaka m'Mtendere monse munthu mmodzi woti amufunse.